Kachisoti Koyera ka ku Alasita

Digiri yanga ya uinjiniya amayi anaipachika pabalaza, pamwamba pa wailesi ya kanema, kuti mlendo aliyense aione asanakhale pansi. Vuto linali loti mlendoyo akatsitsa maso ankaonanso mwini digiriyo, ine Limbert Callisaya, nditadzitaya pa sofa masanasana, masokosi ali obooka.

Sikuti ntchito sindinkaifuna. Ndinatsika kuchoka kwathu ku El Alto kupita ku La Paz mpaka suti yobwereka kwa amalume inayamba kudziwa yokha njira. Ofesi iliyonse inkafuna wachinyamata amene wagwirapo ntchito zaka zambiri, ndipo ine ndinali ndi uchinyamata wokhawo. Bwana wina anandifunsa chimene ndinamangapo. Ndinakumbukira khola la nkhuku la azakhali, lomwe linagwa ndi mvula yoyamba, ndiye ndinangomwetulira. "Tikuimbirani," anatero. Foni ndinkagona nayo pamtima, koma oimba anali amayi, kundikumbutsa kuti pobwera ndigule anyezi.

Pakhomo tonse tinkadalira minibasi ya bambo anga, a Fermín. Koma maso awo anali atayamba ng'ala, ndipo dokotala anawaletsa kuyendetsa. Laisensi ine ndinali nayo, ngakhale luso linali la apo ndi apo.

"Limbert atenge minibasiyo," amayi ankatero tikamadya. "Digiri sitingaiphike."

"Inu Eulogia, ndinaphunzitsa mwana kuti azikakuwira anthu pasiteji? Maso anga ali bwinobwino. Ndikuona ngakhale kuti mchere wachepa mu supumu."

Ine ndinkangoweramira mbale. Ndinali mbali ya bambo, osati chifukwa chowakhulupirira, koma mawu awowo ankandikomera. Ndikaganiza za anzanga a ku yunivesite akukwera minibasi n'kundipeza pachiwongolero, ndinkakankhira mbale kutali.

Kenako linafika tsiku la Alasita, pamene tauni yonse imathamangira kukagula tizinthu ting'onoting'ono toimira zomwe munthu akulakalaka, tinyumba, timagalimoto, timasutikesi, n'kukatifukizitsa kwa yatiri, sing'anga wa kwathuko, dzuwa lili pamutu, kuti zenizeni zibwere chaka chisanathe. Ine monga munthu wophunzira ndinalengeza pakhomo kuti zimenezo ndi zachikale. Ndinadikira kuti onse atuluke, ndinavala chipewa mpaka m'maso, liwiro komweko.

Ndinkafuna kachisoti koyera, konga kamene mainjiniya amavala pamalo omanga. Koma aliyense amadziwa kuti chodzigulira wekha sichigwira bwino, pamafunika wina akupatse. Ndiye ndinanong'oneza mayi wina wogulitsa kuti ndilipire, kenako iye andipatse ngati mphatso.

"Iii, bwana, mwayi mukufuna kuubera m'maso?" anaseka mayiyo. "Wokukondani mulibe ndi mmodzi yemwe?"

Ndisanayankhe, munthu anandigunda phewa. Kucheuka, ndi bambo. Anaima pafupi moti ndinamva fungo la dizilo pajekete lawo. Ndinaona kuti ndagwidwa basi, ndinavula chipewa, ndikukonza bodza loti ndimangodutsa. Anandiyang'ana kumaso kwenikweni.

"Pepani achimwene, ndidutseko," anatero.

Ndinawapatsa njira.

"Mayi, tizisoti ta mainjiniya muli nato? Ndikufuna koyera. Kachikasu ayi, n'ka onyamula simenti." Anapapasa patebulo, kugwetsa kanyumba, mpaka anatola kachisoti n'kukafikitsa pamphuno. "Aka n'koyera, eti?"

Kanali kachikasu. Mayi uja anakatenga ngati akufuna kukapukuta, n'kuwaikira koyera m'manja.

"N'ka mwana wanga," bambo anapitiriza, mawu ali m'mwamba kuti oyandikira amve. "Injiniya. Ntchito ikubwera, angochedwa kumuimbira. Fulumirani mayi, ndasiya minibasi pakona, anthu akudikira kutsika ku tauni."

Msewu wotsikira ku La Paz ndimaudziwa, makona okhaokha, phompho lili pambali. Munthu amene sanazindikire mwana wake atamugunda phewa ndiye ankatsika nawo anthu kumeneko tsiku ndi tsiku, kuti ine ndizipitiriza kugona ndi foni. Ndinachita mantha, ndipo manyazi anandigwira oposa onse amene ndinkawathawa.

"Ababa."

Anatembenukira kumene kunachokera mawu. "Limbert? Wafika liti pamenepa?"

"Ndangofika kumene."

Bambo anakanda chibwano. Ndikhulupirira anakumbukira achimwene amene anawapempha njira aja. Mayi wogulitsa uja anayamba kukonza tinyumba tomwe tinali tokonza kale.

"Ndipatseni makiyi, ababa."

"Dikira kaye, sitinafukizitse. Dzuwa lafika pamutu."

Anandigwira mkono, ndipo sindinadziwe ngati akundikoka kapena akufuna ndiwatsogolere. Tinadutsa nawo m'chikhamu mpaka kwa yatiri, amene anazunguliza kachisotiko pa utsi wa lubani, kukawaza mowa ndi maluwa, akutchula dzina langa. Wonena kuti n'zachikale uja ndinaweramitsa mutu kuposa onse, n'kukoka utsi wambiri mpaka kutsokomola. Bambo anandiika kachisoti m'dzanja n'kundifumbatitsa. Makiyi anatuluka mochedwa, ndipo nditawagwira iwo sanawasiye msanga.

Pakona tinapeza minibasi itadzaza, anthu akung'ung'udza. Ndinakhala pachiwongolero, bambo pambali panga. Ndinaliza injini, galimoto inadumpha ngati chule n'kuzima. Ndinalizanso, inazimanso. Thumba la mbatata za munthu wina linakhuthuka kumbuyo.

"Dalaivala ameneyu mwamutola kuti?" anakuwa mayi wina. "Anaphunzirira pa wilibala?"

Minibasi yonse inafa ndi phwete. Bambo anatembenuka pang'onopang'ono, n'kuyang'ana kumene ankaganiza kuti mayiyo wakhala.

"Muzilankhula bwino, mayi. Akukuyendetsaniwa ndi injiniya. Akungondithandiza lero lokha."

Sindinawatsutse. Ndinalizanso injini, ulendo uno inavomera, ndipo ndinapukuta maso ndi mkono wa malaya, chifukwa mmodzi wa ife anayenera kuona msewu.