Paki ya a Mapulani

Mzime ankalemba kafukufuku wake pa tebulo lodyerapo, chifukwa chipinda chomwe chikanakhala chowerengeramo anachipereka kwa bambo ake pamene mayi ake anamwalira. Anali pa digiri yachiwiri ku yunivesite, ndipo funso lomwe linkamuzunguza mutu linali ili: n'chifukwa chiyani mapulani abwino a khonsolo amafera m'madirowa, nanga akafa amavutika ndani?

Tauni yawo inkasefukira dzinja lililonse. Kumunsi kwake kunali dambo lomwe kale linkamwa madzi a mvula, koma tsopano linali litadzaza magalaja, timashopu ta malata ndi malo oimikapo malole. Mvula ikabwera ndi ukali, katundu wa ochita malonda ankayandama mumsewu ngati akupita kocheza.

Bambo akewo anakalambira ku khonsolo komweko, mu ofesi yojambula mapulani a tauni, mpaka anthu anaiwala dzina lawo n'kumangoti a Mapulani. Tsopano nawonso anali atayamba kuiwala. Ankaitanitsa tiyi kapu ikadali yofunda m'manja. M'mawa ankamanga tayi n'kukhala pakhonde kudikira basi ya kuntchito. Koma dzuwa likapendeka, Mzime akawagwira pamkono kuti akawongole miyendo, mutu wawo unkayera mwa njira yakeyake.

"Taona, Mzime, mitengo ija yakula," ankatero, akuloza msewu wa fumbi lokhalokha. "Ndinawauza ine kuti nthambi zidzakumana pamwamba. Munthu azichoka ku siteshoni mpaka ku chipatala dzuwa osamuona."

Masiku oyamba Mzime ankawakonza. "Bambo, amenewa ndi mapolo a magetsi."

Nkhope yawo inkagwa ngati ya mwana wolandidwa chidole, ndipo ankatembenuka n'kubwerera kunyumba. Mzime atawadandaulira achimwene ake, omwe ankayendetsa lole ndipo ankapezeka pa foni pokha, iwo anaseka.

"Iwe, usamawatsutse akuluakulu. Ngati akuona mitengo, khalani pamthunzipo nonse awiri. Ndi waulere."

Choncho analeka. Ankangoyenda pambali pawo n'kumamvetsera. Pamene panali mulu wa zinyalala, bambo ake ankaonapo laibulale ya makhonde aatali. Pamene panali ngalande yotsekeka ndi mapepala a pulasitiki, iwo ankaonapo kamtsinje koyera ka timilatho ta matabwa. Dambo lija ndiye linali mtima wa zonse: paki yaikulu ya udzu, ya dziwe pakati, yomwe ntchito yake inali kulandira madzi a tauni yonse m'dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Ankafotokoza modekha, mosakayika, ndipo masiku ena Mzime ankadzidzimuka atapinda khosi kuzemba nthambi yomwe kunalibe. Ankabwera kunyumba ali ndi kafungo ka masamba onyowa m'mphuno, m'mwezi womwe ngakhale dontho linali lisanagwe.

Ku yunivesite kunalibe maloto. Woyang'anira kafukufuku wake anali mayi wamtali wokonda kukweza magalasi pamutu, ndipo ophunzira ankawatchula a Umboni chifukwa cha funso lawo la tsiku ndi tsiku.

"Mutu wachitatuwu ukukoma ngati nyimbo," anatero a Umboni, akutembenuza mapepala. "Koma umboni uli kuti? Mukuti dambo linayenera kusiyidwa. Analemba ndani? Anasintha ndani?"

Mzime anawauza kuti anapita kale kosungira mapepala akale ku khonsolo. Kalaliki wa kumeneko anamutsegulira chipinda chodontha denga, momwe mafayilo anali atasanduka dothi, n'kunena kuti, "Chiswe chinawerenga zonse, mayi. Chikanakhala munthu, bwenzi pano chili pulofesa."

A Umboni anamwetulira pang'ono.

"Koma pulani yonse ilipo," Mzime anapitiriza motsitsa mawu. "Ili m'mutu mwa bambo anga."

A Umboni anatsitsa magalasi aja n'kumuyang'ana nthawi yaitali. "Ndikudziwa za matenda awo. Simungawafunse ngati mboni. Munthu sangavomereze chinthu chomwe sakuchimvetsa, komanso ndi bambo anu. Amenewo muzingowakonda. Umboni mukaufune kwina."

Kwinako kunali ku misonkhano ya makhansala, komwe Mzime analoledwa kukhala kumbuyo n'kumaonera. Tsiku lina masana kunatentha moti makatani anangoti zii. Fani ya kudenga inkazungulira mwaulesi, ndipo makhansala ankakangana ngati nkhani ya ngalande inali ya komiti ya misewu kapena ya zaumoyo. Wina ankati madzi ali pamsewu. Wina ankati koma udzudzu uli m'madzimo. Mawu awo anayamba kutalikira, zikope za Mzime zinalemera, ndipo anaona madzi akulowa pansi pa chitseko, oyera mbee, atanyamula masamba achikasu. Anakwera mwakachetechete mpaka m'maondo. Mipando inanyamuka ndi eni ake omwe, makhansala akadali chikwezere manja, n'kuyamba kutuluka pawindo umodziumodzi. Wapampando anadutsa pafupi naye akupalasa ndi fayilo, abakha akumutsatira pamzere.

Anadzidzimuka ndi kuwomba m'manja. Nkhani ya ngalande anali ataikankhira ku msonkhano wina.

Atafika kunyumba anapeza chitseko chili pululu. Mayi oyandikana nawo, omwe ankawayang'anira bambo ake masana, anali pageti manja ali kumutu.

"Ndinangopita kukaanula zovala, mwanangu! Pobwera ndapeza mpando wokha. Chipewa atenga."

Mzime anataya chikwama pakhonde n'kuliyatsa liwiro. Anafika ku siteshoni ya basi, kulibe. Anafunsa alonda a pa chipatala, sanawaone. Anabwerera ku khonsolo, poganiza kuti mwina apita kuntchito, koma a pageti anapukusa mutu. Kenako anaimbira achimwene ake.

"Khazika mtima pansi," anatero achimwene, injini ikulira kumbuyo kwa mawu awo. "Iwe ukuwafuna m'tauni yako. Kawafune m'tauni yawo. Kutentha chonchi, munthu wa m'tauni yawoyo angapite kuti?"

Mzime anatsetsereka kulowera ku dambo.

Kuseri kwa magalaja, pakati pa malole awiri akufa, panali mkuyu umodzi womwe nkhwangwa zinauiwala. Pansi pake, pa tayala lalikulu, panakhala a Mapulani, mwendo uli pamwamba pa unzake, chipewa chili pabondo. Sanali okha. Makaniko wa ovololo yodzaza girizi anali atanjuta patsogolo pawo, wowotcherera zitsulo atatsamira mtengo, ndipo mayi wina wogulitsa nthochi anali atatula dengu lake n'kuwasendera imodzi.

Mzime anafuna kuwathamangira, koma mayi wa nthochi uja anamukodola ndi maso kuti afike mwaulemu.

"Ndi bambo anu? Ali bwinobwino, amwa ndi madzi omwe. Khalani pa benchi apo," anatero, akuloza tayala lina. "Koma musaponde maluwa."

"Dziwe likuyambira apo pali lole yofiirayo," a Mapulani ankafotokoza. "Kuzungulira konseku ndi udzu. Palibe chomanga, palibe chogulitsa."

"Aaa, bwana, pamenepo ndiye mwandilakwira," anatero mayi wa nthochi. "Anthu adzabwera kudzaona abakha anuwo ndi njala? Ine ndidzakhala pati?"

A Mapulani anayang'ana mayiyo, kenako anayang'ana uku ndi uku m'paki yawo, ngati munthu wofuna mpando wa mlendo yemwe sanamuyembekezere.

"Inu sitinakuikenimo," anatero modabwa. "Chabwino. Mukhale pageti."

"Geti lili kuti?"

"Apo, kumadzulo."

"Kumeneko dzuwa la masana lidzandipsereza nthochi."

"Ndiye tilisuntha." Anakweza dzanja n'kulinyamula getilo mumlengalenga, pang'onopang'ono, anthu onse akulitsatira ndi maso, mpaka analikhazika pafupi ndi mkuyu. "Apa bwanji?"

"Apo ndiye mwandikwatira, bwana!"

Onse anafa nacho chiseko. Makaniko anati ngati dziwe likubwera, iye atha kusamukira kumtunda kuja kuli miyala, bola msewu ufike, chifukwa watopa kuvuula masipanala m'matope chaka ndi chaka. Wowotcherera anakana, akuti makasitomala ake anazolowera pompano. Kuli bwino amukwezere shopu pa mizati, madzi azidutsa pansi. Anakangana kwambiri za malire a dziwe lomwe kunalibe, wina akulikoka, wina akulikankha, a Mapulani akuweruza ndi nthochi m'manja.

Mzime anakhala pa tayala lija, thukuta likuuma pamsana. Mantha anali atatha, ndipo m'malo mwake munalowa kena kofewa. Kuwala kwa madzulo kunkadutsa m'masamba a mkuyu n'kugwera pa magalasi osweka a malole, ndipo pansi ponse pankanyezimira ngati madzi. Kwa miyezi yonseyi iye ankafufuza yemwe anapha pulani ya bambo ake. Apa ankaona anthu omwe pulaniyo sinawawerengere n'komwe, ndipo anthuwo sankaikana. Ankangopempha malo m'kati mwake.

Pobwerera, bambo ake anatsamira paphewa pake. "Anthu abwino," anatero. "Koma paki ija yachepa."

"Yachepa, bambo, koma mwadzaza anthu."

Sabata yotsatira anakauza a Umboni kuti akufuna kusintha njira. M'malo mosaka mapepala omwe chiswe chinadya, azikakhala pansi pa mkuyu ndi anthu a ku dambo, aliyense atavomera yekha, n'kumawafunsa zomwe madzi amawawonongera, zomwe angalolere kusiya ndi zomwe sangasiye.

"Maloto a anthu si umboni," anatero a Umboni.

"Koma zomwe munthu walolera kutaya kuti maloto akewo atheke ndi umboni."

A Umboni anakweza magalasi pamutu. "Ndibwera ndidzaone ndekha."

Anabweradi, atavala nsapato zazitali zosayenera matope, ndipo anakhala pa tayala masana onse. Pochoka anali atagula nthochi ndipo anali atakangana ndi wowotcherera za kutalika kwa mizati.

Ntchitoyo inatenga dzinja lonse ndi chilimwe chake. Madzi anabweranso monga mwa nthawi zonse, ndipo Mzime anayenda nawo m'matope, akuthandiza kukweza katundu pa madenga a malole. Bambo ake sanapitenso ku dambo. Miyendo inayamba kukana, maulendo a madzulo anafupika mpaka pageti, kenako mpaka pakhonde. Anasiya kumanga tayi. Masiku ena ankamutchula Mzime dzina la mayi ake, masiku ena sankamutchula chilichonse.

Pa tsiku loyankha mafunso a aphunzitsi pa zomwe analemba, anamupanikiza kwambiri, koma anakhoza. Khonsolo inalandira lipoti lake ndi mawu okoma, ndipo ambiri mwa makhansala sanalitsegule. Injiniya wina wachitsikana, yemwe anali atangoyamba kumene ntchito, ndiye analiwerenga mpaka kumapeto n'kumuimbira foni. Paki sinamangidwe. Koma magalaja angapo anavomera kusamukira kumtunda, ngalande yaikulu inatsegulidwa, ndipo kachigawo ka dambo kanasiyidwa kuti kazimwa madzi. Achule anabwerera chaka chomwecho, ndipo anthu a kumeneko anayamba kudandaula za phokoso.

Madzulo a tsiku lomwe zotsatira za digiri yake zinatuluka, Mzime anapeza bambo ake atakhala pa tebulo lodyera lija, manja atawasanjika bwinobwino patsogolo. Atamuona analoza mpando.

"Khalani, mayi. Tikuthandizeni chiyani?"

Mzime anaima kanthawi, uthenga wake uli kukamwa. Kenako anaumeza, n'kukhala pansi mwaulemu, chikwama chili pamiyendo.

"Ndabwera kudzapempha malo, bwana."

"Omanga nyumba?"

"Eya."

"Muli ndi banja?"

"Ndili ndi bambo anga okha. Ndi okalamba."

A Mapulani anagwedeza mutu moganizira, akusisita tebulo ndi chala. "Ndiye musapite kumtunda, adzavutika ndi chitunda. Ndikupatsani apa, pafupi ndi pokwerera basi. Khomo liyang'ane kum'mawa, okalamba amakonda kadzuwa ka m'mamawa. Masitepe musaike ambiri." Anamuyang'anitsitsa, maso ali mbee. "Mumawasamala bwino?"

"Ndimayesetsa, bwana."

"Zikuoneka. Muli ndi nkhope ya munthu wotopa." Anamusisita pa dzanja kawiri. "Pitani mukapume, mayi. Zotsalazo tikonza ife."

Mzime anathokoza, anadzuka, n'kulowa kukhitchini kukatereka madzi oti bambo ake asambe.