Malaya a Bambo Laban

"Sindivala," anatero mayi Esme, nakankhira duku lakuda kumapeto kwa mphasa.

Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda amuna awo, bambo Laban. Mlamu wawo Frederick anayesa kuwanyengerera, anayesa kuwaopseza kuti akaitana akuluakulu a mpingo, koma zonse zinangopita ndi mphepo.

Gwero lake linali kakanema ka pafoni. Miyezi iwiri m'mbuyomo, ku Joni apolisi anagwira anthu opanda mapepala, atolankhani ali m'mbuyo ndi makamera. Bambo Laban anaoneka kanthawi kochepa chabe, akukwezedwa m'galimoto chifuwa chili pamtunda. Kakanemako kanafika pa Likoma mwini wake asanafike. Pamsika wa Chipyela anthu anatsutsana mpaka kusasa mawu. Ena ankati lamulo ndi lamulo, dziko la eni sulowa ngati m'munda mwako. Ena ankati nanga amene wakhala akuwamangira nyumba zawozo ndani. Koma kumudzi kwawo pa Yofu, anthu osagona tulo ndi za eni, funso linali lina: munthu wamkulu, m'mawa wa Juni kozizira chonchija, malaya anawasiya m'chipinda cha yani?

Bambo Laban anabwera akutsokomola. Mayi Esme sanafunse, iwonso sananene. Phala ankawapatsa nkhope itayang'ana kukhoma. Patatha masabata asanu chibayo chinawatenga.

"Ndilire chaka chathunthu munthu amene anandivula pamaso pa chilumba chonse?" anatero mayi Esme. "Akawalire amene anasunga malayawo."

Masana omwewo kunafika mtsikana wa ku Mbungo, Tiyanjane, amene nayenso anabwezedwa ku Joni. Anagwada pakhomo, namasula kajumbo. Munali malaya abuluu, ochapa, ositidwa bwino. Mayi Esme anawazindikira asanawagwire, poti kolala yake anaitembenuza okha ndi singano. Mtima unawawa ngati wathiridwa tsabola. Frederick anadzuka kuti amupirikitse, koma iwo anati msiyeni, anene yekha manyazi akewo.

Mtsikanayo anafotokoza maso ali pansi. Ankakhala mpanda umodzi, anthu a pachilumba angapo. Tsikulo apolisi anamutulutsa kubafa ali ndi kathawulo kokha, makamera ali kale pageti. Bambo Laban anavula malaya awo namufunditsa kuyambira kumutu, kenako anaima kutsogolo kwake. A kanema anadula zonsezo, n'kusiya mkulu wopanda malaya.

"Anandiuza kuti, ‘Bisa nkhope mwanawe, mayi ako ali ndi foni ku Mbungo. Ine yangayi inatha kale ntchito.’ Masiku awiri anagona pasimenti opanda chofunda. Nditafuna kuwabwezera anakana."

"Nanga bwanji sanandiuze?" anafunsa mayi Esme.

"Ndinawapempha ndine, amayi. Ndinali ndi chibwenzi cha ukwati, ndinkaopa kuti akwawo akamva kuti ananditulutsa ndi kathawulo kokha, andikana. Anati sadzanena."

Ndipo sananenedi. Masabata asanu aja anameza mnyozo wa mudzi wonse pamodzi ndi phala loperekedwa mokwiya, mawu ali nawo pakamwa. Mayi Esme anafuna kumukalipira mtsikanayo, anafuna kukalipira malemuwo, koma amene anawakwiyira kwenikweni anali iwo eni. Anakumbukira m'mawa wina amuna awo atati, "Esme, khala pansi pang'ono," iwo n'kuyankha kuti chinangwa chikuwadikira kumunda.

Frederick anakhosomola, nanena kuti nkhaniyi ikafotokozedwe kutchalitchi Lamulungu, dzina la mkulu wake liyere. Tiyanjane anavomera ndi mutu.

"Ayi," anatero mayi Esme. "Eni ake anasunga mpaka kumanda. Ife ndife yani?"

Anatola duku lija namanga kumutu. Panjira panali kudutsa amayi awiri ochokera kumsika, makosi atatalika kale kusuzumira pakhomo. Mayi Esme anatambasula malaya aja, namufunditsa mtsikanayo kuyambira kumutu, kenako anasendera n'kukhala kutsogolo kwake.