Injini Yopanda Mapisitoni

Galimoto ya achimwene ake a Dizilo inali yofiira, ya zitseko ziwiri, yaifupi ngati yagwada, ndipo inalibe injini. Ukatsegula boneti unkangoona dothi la pabwalo ndi mawaya akulendewera. Achimwenewo anaigula ili choncho mwadala, chifukwa ankafuna kuikamo injini ya lotale, ija yopanda mapisitoni, yomwe amati imathamanga ngati yaba. Giyabokosi anali atapeza kale, zitsulo zokhazikapo injini atawotcherera kale, pamene sitiroko inawagwetsa m'bafa tsiku lina m'mawa. Moyo unatsala, koma mbali ya kumanja inafa ziwalo ndipo mawu anathawa. Munthu amene ankalongolola kuyambira pa geti mpaka kukhitchini tsopano ankangoti "a-a" ndi "ee", n'kumakhala pa chikuku pakhonde, maso ali pa galimoto yake.

Dizilo anali mng'ono wawo, makaniko wa mabasi. Dzinalo anamupatsa ndi anzake a ku galaja, chifukwa ngakhale asambe ndi sopo wodula bwanji, fungo la ntchito yake silinkamuchoka. Loweruka lina atabwera kudzawameta ndevu achimwene, alamu ake anamukokera kuseri kwa nyumba.

"Alamu, ife tikusamuka kumapeto kwa mwezi," anatero mayiwo. "Nyumba ino yatikulira. Kumene tikupitako kuli malo oimika galimoto imodzi, koma mwini nyumba wanenetsa kuti safuna mitembo ya magalimoto pakhomo pake. Galimoto yofiirayi ikayenda yokha, tipita nayo. Ikapanda kuyenda, ndalankhula kale ndi ogula zitsulo."

"Achimwene akudziwa?"

"Ndiwauza bwanji? Inu simukuona kuti chimene chimawadzutsa m'mawa ndi chigalimoto chimenechi?"

Wina asawanene alamuwa kuti ndi ouma mtima. Mayi amene amanyamula mwamuna wamkulu yekha kupita naye kubafa tsiku ndi tsiku ali ndi ufulu wotopa ndi galimoto yosayenda. Dizilo naye anamvetsa. Koma atabwerera pakhonde n'kuona mmene achimwene ankaiyang'anira galimotoyo, anadziwa kuti ikakwezedwa pa lole ya zitsulo, munthuyu adzatsala wopanda choyang'ana.

Anayamba kusaka injini ya lotale: anafunsa anzake, anafufuza pa foni, anayenda m'mayadi a magalimoto owonongeka mpaka nsapato inayamba kumwa madzi. Ambiri ankamuseka. Wina anamuonetsa injini ya lotale yomwe inagona pamvula mpaka inamera ndere, n'kumalumbira kuti ingofunika kupukuta. Kenako mnzake wina wogulitsa mabatire anamuuza za mayi wina, telala, amene akuti anali ndi injini yachilendo kuseri kwa shopu yake.

Shopuyo inali mu kanjira kopapatiza, pakati pa malo ometera ndi sitolo ya penti. Mkati munali makina awiri osokera, madiresi a ukwati opachikidwa m'mapulasitiki, ndi tizidutswa ta nsalu pansi ponse. Atelalawo anali mayi wachikulire ndithu, tepi ili m'khosi, magalasi ali pamphuno. Anamutengera ku kachipinda ka kumbuyo n'kuvundukula katani yakale. Injini inali apo, itakhala pa tayala, yoyera bwino. Dizilo, amene anazolowera injini zofuna anthu angapo ndi tcheni kuti zisunthe, anatsala pang'ono kuseka. Kanthuko sikankaposa dilamu laling'ono la madzi.

"Yakhala nthawi yaitali bwanji isakuyenda, mayi?"

"Zaka ndithu, bambo. Malemu amuna anga anaigula kuti aike mu galimoto yawo, koma matenda anawatsogolera."

Mtima wa Dizilo unagwa. Za injinizi sankadziwa zambiri, chifukwa achimwene akayamba kuzitamanda iye ankangogwedeza mutu maganizo ali ku mpira. Koma chimodzi anachitola: mkati mwake mumazungulira chitsulo cha makona atatu, ndipo pa kona iliyonse pali kachitsulo kopyapyala kotsekera mphamvu kuti isathawe. Injini ikagona zaka, tizitsuloto timamatirira ndi dzimbiri, ndipo zikatero wagula chokongoletsa pabalaza.

Mayiwo anaona nkhope yake yasintha. Anatenga sipanala yomwe inali itapachikidwa pa msomali, anamasula mapulagi mwachizolowezi ngati akuchotsa bobini m'makina osokera, anathira timadontho ta oyilo m'mabowomo, kenako anatenga sipanala ina yaikulu n'kuyamba kupukusa injiniyo ndi manja.

"Ali m'chipatala anandipempha chinthu chimodzi chokha," anatero akupukusa. "Anati ndisailole igone. Ndiye Loweruka lililonse ndikatseka shopu ndimaithira mafuta n'kuizunguza. Ana anga amandiseka, amati ndinakwatiwanso ndi chitsulo."

Dizilo anagwada n'kuyandikitsa khutu pabowo. Phu, phu, phu. Mpweya unkatuluka wamphamvu, wofanana, popanda kona yofooka. Anasamukira ku bowo la kumbuyo, nakonso chimodzimodzi. Anakhala chogwada nthawi yaitali kuposa mmene ntchitoyo inkafunira, chifukwa m'maso munali mutayamba kutentha. Mayiyu sankamudziwa iye, sankawadziwa achimwene, koma zaka zonsezi anakhala akuwasungira injini.

Pa mtengo sanakanganepo. Atelalawo anangofunsa kuti ikupita mu galimoto yanji, ndipo atamva nkhani ya achimwene anapinda katani ija n'kumupatsa kuti afunditse injiniyo panjira.

"Koma za kuiliza musandifunse," anatero. "Ine sindinaimvepo ikulira. Ndimangodziwa kuizunguza basi."

Masiku otsatira Dizilo ankati akaweruka ku mabasi, molunjika kwa achimwene. Anabwereka tcheni chonyamulira ku galaja, anatsitsa injini m'malo mwake, ndipo zitsulo zomwe achimwene anawotcherera zinagwirizana ndi mabawuti ngati anayeza dzulo. Mapaipi a madzi anavuta, mawaya anavutitsitsa. Achimwene ankaonerera pakhonde. Dizilo akagwira waya wolakwika ankamva "a-a", akagwira woyenera "ee". Alamu ankadutsa ndi makatoni a katundu, koma tiyi ankafika pa boneti nthawi yake.

Ntchito inatha kutatsala tsiku limodzi kuti asamuke, masana amene alamu anapita ndi achimwene kuchipatala kukachita mafizo olimbitsa ziwalo. Munthu wanzeru akanadikira. Koma Dizilo ankafuna kuti achimwene akamalowa pa geti apeze galimoto ikulira, ndiye anathira petulo, analumikiza batire n'kupotokola kiyi. Injini inalira nthawi yomweyo, kulira kwake kosalala, kwachilendo, ngati makina osokera aakulu. Dizilo anakuwa yekha pabwalo.

Tsono ku galaja ya mabasi kuli kachitidwe kake. Injini yongoikidwa kumene umailiza pang'ono, kuizimitsa, kusuzumira pansi ngati pali podontha, kenako kuilizanso. Dizilo anachita zimenezi moyo wake wonse ndipo palibe basi inadandaulapo. Anazimitsa, anasuzumira, anamanga paipi ina, analizanso, anazimitsanso. Atapotokola kiyi kachitatu, injini inangozungulira osagwira. Anayesanso. Inazungulira mopepuka, mofulumira, ngati mkati mulibe kanthu, fungo la petulo lili thoo. Anayesa mpaka batire inatha.

Achimwene atafika anapeza boneti yotseka, mng'ono wawo akupukuta masipanala omwe anali oyera kale. Dizilo sanawauze kanthu. Anapita kwawo mtima uli wakuda, ndipo panjira anawaganizira zoipa atelala aja, kuti mwina ankadziwa, kuti mwina nkhani ya malemu inali yongogulitsira malonda. Anthu tili choncho. Tikalakwitsa, timayamba tasaka wina woti timukwiyire, ndipo nthawi zambiri timasankha amene watichitira zabwino.

M'mawa mwake anabwera ndi batire ina ya ku galaja. Lole ya katundu inali itaima kale pa geti, ndipo kumbuyo kwake kunali kalole ka wogula zitsulo, bambo wonenepa amene anatsika n'kuyamba kuizungulira galimoto yofiirayo akugogoda zitseko ndi chala. Dizilo analumikiza batire, anapotokola kiyi. Chimodzimodzi.

"Mwayesetsa, alamu," anatero alamu ake motsitsa mawu. "Palibe amene angakuneneni."

Apo n'kuti achimwene atayamba kumenya chikuku ndi dzanja lamanzere. Alamu anathamangira kukawatengera madzi, iwo anakankha kapu. Anawafunsa ngati akufuna kubafa, iwo anapukusa mutu mwaukali. Dizilo anaganiza kuti azindikira za wogula zitsuloyo, ndipo manyazi anamugwira mpaka analephera kuwayang'ana. Koma kumenyako sikunasiye, ndipo chala chinkaloza ku boneti.

"Ndikufikitseni pafupi, achimwene?"

"Ee!"

Anawakankha mpaka pa galimoto. Achimwene anasuzumira, ananunkhiza, kenako anamuyang'ana mng'ono wawo. Anapotokola dzanja m'mwamba ngati akuliza galimoto, n'kulibweza msanga ngati akuzimitsa, nsidze zili m'mwamba.

"Ee, ndinailiza dzulo," anavomera Dizilo. "Ndinazimitsa kuti ndione podontha. Kawiri."

Achimwene anatseka maso n'kupumira m'mwamba. Kenako analoza kabokosi ka mafyuzi. Dizilo ankagwira imodziimodzi mpaka anamva "ee" pa fyuzi ya pampu ya petulo, ndipo anaizula. Chala chinasamukira ku mapulagi. Atawamasula anapeza ali chonyowa, petulo akuchita kudontha. Apa m'pamene mutu wake unatseguka. Injini ya mtunduwu ukaizimitsa isanatenthe, petulo amatsalira mkati, amatsuka oyilo yense pa tizitsulo ta m'makona tija, ndipo mphamvu imangothawa. Injini inalibe vuto. Anaimiza m'petulo ndi iye mwini, ndi luso lake la ku mabasi.

Anapukusa injini mapulagi ali kunja, ndipo nkhungu ya petulo inatuluka m'mabowo mpaka wogula zitsulo anabwerera m'mbuyo akutsokomola. Anaumitsa mapulagi ndi kansalu n'kuwayanika pa dzuwa. Achimwene analoza botolo la oyilo, n'kuonetsa ndi zala kuti pang'ono chabe. Pothira timadonthoto Dizilo anawapepesa atelala chamumtima, ndipo analonjeza kuti akawapepesanso pamaso ngakhale iwo sakudziwa mlandu wake.

"Akuluakulu, ine ndili ndi kwina kopita," anatero wogula zitsulo.

"Dikirani pang'ono, bambo," anayankha alamu. Anali atatula katoni pansi, manja ali m'chiuno.

Dizilo anabwezera mapulagi ndi fyuzi, analowa m'galimoto n'kupotokola kiyi. Injini inazungulira, inatsokomola, inazunguliranso, inagwira kamodzi n'kusiya. Anapitiriza, thukuta likulowa m'maso. Kenako inagwira yonse, ndipo ku ekizozi kunatuluka utsi woyera wochuluka zedi, wokwanira kubisa lole, geti ndi nyumba ya aneba. Ku mabasi utsi wotere umatanthauza kuti china chake chikupsa. Dzanja la Dizilo linathamangira lokha ku kiyi.

"Usa... usazimitse! Chitsiru!"

Dzanja linaima m'malere. Mawuwo anali okhota, olemera, otuluka mbali imodzi ya kamwa, koma anali mawu a achimwene, omwe pakhomopo anali asanamveke chigwereni m'bafa muja. Alamu anakhala pa katoni ya mbale osayang'ana n'komwe, chikhatho chili pakamwa. Achimwene nawo ankaoneka odabwa, ngati munthu amene wapeza m'thumba chinthu chomwe anachisaka nyumba yonse.

Injini inapitiriza kulira. Utsi unayamba kuchepa, kulira kunasalala, muvi wa kutentha unayamba kukwera pang'onopang'ono. Palibe amene anaikhudza kiyi. Wogula zitsulo anayang'ana galimoto, anayang'ana banjalo, anakweza chipewa n'kukakwera kalole kake.

Achimwene anawanyamula anthu awiri, Dizilo ndi alamu, kuwalowetsa pa mpando wa kutsogolo. Galimoto yaifupi si yocheza kwa munthu wofa mbali imodzi, ndipo mwendo wakumanja anachita kuupinda ndi manja. Alamu anawamanga lamba, anawapukuta pakamwa, n'kunena kuti iwo atsatira pa lole pamodzi ndi chikuku. Dizilo analowetsa giya. Galimoto inasuntha pamalo pomwe inakhala nthawi yonseyo, inadutsa pa geti ndi mphamvu yake, n'kulowa mu msewu.

Anayenda pang'onopang'ono, mawindo ali otsegula. Dizilo anali ndi anthu ambiri oti awathokoze tsiku limenelo, atelala, malemu amene sanawaonepo, alamu amene anati dikirani. Koma chimene anakwanitsa kunena chinali china.

"Achimwene, tanenaninso."

Achimwene anatembenuza mutu. Milomo inalimbana kanthawi, mbali yamoyo ikukoka yakufayo.

"Chi... tsiru," anatero, pang'onopang'ono koma momveka bwino.

"Zikomo, achimwene," anatero Dizilo, ndipo anapukuta m'maso ndi mkono kuti aone msewu.