Dzanzi Lopuma mu Julaye

Nthawi inali sikisi koloko m'mawa, mwezi wa Epulo. Mvula yowaza inali itangokata, koma mphepo inkawombabe mozizira pamwamba pa mipanda yamiyala. M'khola, a Bachisio Mureddu anali atawerama kumbuyo kwa nkhosa, ndowa ili pakati pa miyendo, akukama. Akakama zitatu ankaweramuka n'kukutumula manja ngati munthu amene wagwira chitsulo chamoto, kenako n'kuweramanso.

"Alamu, mukuingitsa ntchentche ndi kuzizira konseku?" anafunsa a Bainzu, mlongo wa akazi awo, amene ankakama mbali ina ya kholalo.

"Kamani zanuzo. Ndakupitirirani kale ndi ziwiri."

"Mwandipitirira pa kuvina, osati pa mkaka."

Awiriwa anaphatikiza nkhosa zawo kalekale, zonse pamodzi zana limodzi ndi makumi anayi, ndipo aliyense ankakama theka lake pamanja, m'mawa ndi madzulo, kuyambira Disembala mpaka kumayambiriro kwa Julaye pamene mkaka umauma. A Bachisio anayamba ntchitoyi ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tsopano anali atapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo sankalakalaka ina. Ankakonda fungo la ubweya wonyowa, kulira kwa mkaka ukamagwera m'ndowa yopanda kanthu, ndi khofi amene ankamwa ataimirira pachipata ntchito ikatha. Sankanena zimenezi kwa munthu, chifukwa panalibe wofunsa.

Vuto linali manja. Kwa zaka zinayi tsopano chala chachikulu, mkombaphala ndi chala chapakati zinkachita dzanzi, kudzanja lamanja kwambiri, kumanzere pang'ono. Zinkawadzutsa kusanache, zikunyerenyesa ngati mwalowa nyerere. Lamlungu mabatani a malaya ankawamangira ndi akazi awo, mayi Michelina.

Mankhwala anali atayesa ambiri. Anadzikwapulapo ndi masamba a khwisa mpaka mikono inatupa zidzolo. Anaviikapo manja m'madzi ofunda otsala akaumba tchizi. Chibangili chamkuwa chimene anawapatsa wansembe wopuma chinangowasiyira khungu lobiriwira. Mayi wina wa m'mudzi wakuseri kwa phiri anawapemphereranso, akudonthetsa mafuta a azitona m'mbale ya madzi. Ku famase anagula chomangira dzanja cholimba chogona nacho, ndipo icho chinathandiza ndithu kwa chaka chimodzi. Jakisoni wa pamfundo ya dzanja anathandiza miyezi itatu.

Kuchipatala cha m'tauni anali atawauza kuti chotsala ndi opaleshoni. A Bachisio sanakane. Anangoti sangasiye nkhosa zikutuluka mkaka, adzabwera mu Julaye. Koma mu Julaye kukama kumatha, manja amapuma, dzanzi n'kuchepa. Ndiye iwo ankati khwisa wagwira ntchito, kalata yachipatala n'kuiika kuseri kwa wotchi. Pofika Disembala dzanzi linkabwerera ndi abale ake. Zinachitika choncho zaka zitatu zotsatizana, ndipo sanali okha: theka la abusa a m'mudzimo linkachira mu Julaye.

M'mawa umenewu a Bainzu anatsiriza msanga, nayamba kutulutsa nkhosa. Anaima pachipata.

"Alamu, Canuda wanuyu akuyenda bwanji motangadza chonchi?"

Canuda inali nkhosa yotuwa kumaso, yamkaka wambiri kuposa zonse za a Bachisio. A Bainzu anaigwira mwendo, napisa dzanja pansi pa mimba, nalichotsa msanga.

"Bere lakumanzereli likutentha ngati buledi wongophula kumene. Lalimbanso gwa. Munaikama dzulo?"

"M'mawa ndi madzulo. Ndaikamanso pompano."

"Osamva kanthu?"

A Bachisio anagwada n'kugwira berelo. Zala zinawauza kuti zagwira chinthu, basi. Anapinda malaya, nakhudzitsa mkono. Pamenepo ndiye anamva moto wake. Matenda a bere mbusa amayenera kuwamva tsiku loyamba, kabuluma kakadali kakang'ono ngati nyemba. Ili linali la masiku atatu.

Anadikira kuti a Bainzu anene chinachake choseketsa. A Bainzu anangotulutsa foni n'kuimbira dokotala wa ziweto.

Canuda anapulumuka, koma bere limodzi linaumiratu.

Masana a tsiku limenelo, atadya, a Bachisio anatenga kalata kuseri kwa wotchi n'kuiyala patebulo. Mayi Michelina ankapukuta mbale.

"Mwaitulutsa molawirira chaka chino, bambo a Grazia. Nthawi yake yoiwerenga n'kuibweza si Julaye kodi?"

"Mundiimbire. Zala zanga sizigwira bwino manambala."

Mayiwo anaika mbale pansi, napukuta manja pa epuloni, naimba.

Dokotala wa manja anali mtsikana wa zaka za mwana wawo Grazia, dzina lake Cossu. Anawagwira dzanja lamanja, nalitembenuza, nagogoda pamfundo ndi chala. Kanthu ngati magetsi kanathamanga mpaka kunsonga.

"Taonani apa, bambo Mureddu, patsinde pa chala chachikuluchi. Pamayenera kukhala mnofu wotumphuka. Panu palowa m'kati. Mtsempha wopereka mphamvu ndi kumva wayamba kufota."

"Ndi ukalamba, adokotala."

"Ukalamba susankha zala zitatu n'kusiya kachala kakang'ono. Pamfundo apa pali kachipata kopapatiza, pamwamba pake pali kalamba kolimba. Minyewa yopinda zala imadutsa pamenepo pamodzi ndi mtsempha. Mukamakama, minyewa imatupa. Mukudziwa zimene zimachitikira kamwana ka nkhosa zikuluzikulu zikamalimbirana chipata."

"Kamapanikizika kukhoma."

"Ife timangodula kalambako kuti chipata chikule. Mphindi khumi ndi zisanu, muli maso. Chomangira chija ndi jakisoni sizinali zachabe, zimathandiza vuto likamayamba. Apa ndiye tadutsa pamenepo."

"Nanga khwisa?"

"Khwisa amakuiwalitsani dzanzi chifukwa kuyabwa kumaposa. Bambo anga ankachita zomwezo."

"Ndi abusa?"

"Anali abusa. Panopa supuni amaigwira ndi chibakera. Nawonso ankachira mu Julaye."

A Bachisio anayang'ana pawindo. Kenako anati, "Ngati ndi choncho, dulani onse awiri tsiku limodzi, monga timachitira pometa. Tithane nazo."

"Ndiye kuchimbudzi azikuperekezani ndani?"

Mayi Michelina, amene anakhala pampando wa pakhomo chikwama chili pamiyendo, anayankha asanafunsidwe. "Ine ayi. Mabatani akwana."

Anagwirizana kuti lamanja likhale pa 12 Meyi, lamanzere kumapeto kwa Julaye.

Za nkhosa a Bachisio sanapemphe munthu, chifukwa kumeneko zotere sapempha. A Bainzu anangotchula tsikulo akumwa khofi ndi abusa anzawo ku bala ya pabwalo la mudzi, n'kupitiriza nkhani ya mpira. Madzulo a pa 11 Meyi magalimoto anayi anaima pakhola. Mbusa aliyense anakweza nkhosa khumi ndi zisanu za a Bachisio kuti akazikame kukhola kwake, zotsala n'kukhala ndi a Bainzu. Zonse zinali ndi chizindikiro cha banja la Mureddu kukhutu, kotero panalibe cholemba. Mkulu wina, a Totoni, potseka chitseko cha galimoto anati, "Muzikatiuza ngati zimapweteka. Enafe tili pamzere."

Sizinapweteke kwenikweni. Anawabaya jakisoni wochititsa dzanzi, zimene a Bachisio anati n'kuthira madzi m'nyanja. Anawatchingira nsalu yobiriwira, ndipo anangomva kukokakoka patali, uku namwino akuwafunsa ngati tchizi cha mu Meyi chimaposadi cha mu Malichi. Asanamalize kufotokoza za udzu wa m'mapiri, dokotala Cossu anati zatha. Anatuluka dzanja lili m'bandeji yaikulu ngati mutu wa kabichi, atalikweza pachifuwa.

M'mawa mwake anadzuka dzuwa litalowa kale m'chipinda. Anakhala pabedi osamvetsa chimene chachitika. Chilonda chinkawawa, lamanzere linkanyerenyesa pang'ono, koma lamanja silinawadzutse.

"Mwafa kodi?" anatero mayi Michelina ali pakhomo la chipinda. "Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu sindinakuonenipo mutagona dzuwa lili kunja. Ndinakutcherani galasi pamphuno kuti ndione ngati mukupuma."

Masabata otsatira anali aatali koma osaipa. A Bachisio anadziwa zinthu zimene sankazidziwa za nyumba yawo yomwe: kuti wa positi amafika cha m'ma teni, kuti akazi awo amaimba akamakanda ufa n'kusiya munthu akalowa. Ankayendera makola a abusa anayi aja wapansi kukaona nkhosa zawo, n'kubwerako atakhuta vinyo ndi malangizo. Tsiku lometa ubweya, mu Juni, nkhosa zonse zinabwerera kwawo. Amuna makumi awiri anameta, ndipo iwo anapatsidwa ntchito ya okalamba, yotembenuza nyama pamoto ndi dzanja limodzi.

"Taonani bwana," a Bainzu ankauza aliyense. "Anapita kutauni mbusa, abwerako wophika."

Julaye anafika ndi kutentha kwake. Mkaka unauma, udzu unasanduka wachikasu, nkhosa zinkaunjikana pansi pa mitengo mitu ili pansi. Dzanja lamanzere linakhala phee. Silinkanyerenyesa, silinkawadzutsa. Kalata yachiwiri inabwera, ya pa 28, ndipo a Bachisio anaiwerenga n'kuiika kuseri kwa wotchi osaganiza n'komwe.

"Alamu, ine ndikanakhala inu ndikanalisiya limenelo," anatero a Bainzu tsiku lina akuthira madzi m'chomwera nkhosa. Ulendo uno sankaseka. "Lamanja linali loipadi. Koma ili lachira lokha. Munthu amakadulitsa bwanji dzanja losapweteka?"

A Bachisio anavomera ndi mutu. Iwonso ankaganiza chimodzimodzi. Chipsera cha kumanja chinali chikadawawa akatsamira ndodo, ndipo sankafuna kuyambiranso kuvala malaya ndi dzanja limodzi.

Kutatsala masiku atatu, ankadutsa m'munda wa balere wokololedwa kale, nkhosa zikutola ngala zotsalira. Kanthu kanawabaya pakakolo. Anakhala pamwala, navula nsapato, nafufuza m'sokosi ndi dzanja lamanja. Anakapeza msanga: kamunga ka ngala ya balere, kopyapyala ngati tsitsi. Anakapotokola pakati pa chala chachikulu ndi mkombaphala, namva timano take tonse, kusalala ukamatsitsa, kukakala ukamakweza. Anali ataiwala kuti balere ali ndi timano.

Anakasamutsira kudzanja lamanzere, natsinzina. Panalibe kanthu. Anatsegula maso kuti aone ngati kagwa. Kanali pomwepo pakati pa zala.

Anakhala pamwalapo kanthawi, galu akuwayang'ana. Kenako anavala nsapato. Atafika kunyumba anachotsa kalata kuseri kwa wotchi n'kuipanikiza ndi botolo la mchere pakati pa tebulo.

"Lachinayi tinyamuke seveni," anatero. "Basi ya eyiti imadzaza."

Mayi Michelina anangoti malaya awo oyera ndi osasita.

A Bainzu atamva anapukusa mutu. "Mwazolowera kugona mpaka dzuwa, basi. Palibenso china."

"Mudzandiuza mu Disembala, alamu. Ndakuonani mukukutumula lanulo kuseri kwa galimoto."

"Inali njuchi."

"Njuchi ya tsiku ndi tsiku."

Pakati pa Seputembala anapita komaliza kwa dokotala Cossu. Iye anawauza kuti atsinzine, nawakhudza nsonga za zala ndi kawaya, nawapatsa pepala kuti alitsine iye akukoka.

"Lamanzere libwerera lonse, tinalipeza nthawi ikadalipo. Lamanja kumva kwabwerera, koma mnofu wa chala chachikuluwu sudzadzaza ngati kale. Tinachedwa ndi chaka chimodzi kapena ziwiri."

"Ndidzakama?"

"Mudzakama. Mwapang'onopang'ono kusiyana ndi kale, ndipo muzipumira."

"Alamu anga asangalala. Akhala akufuna kundipitirira kuyambira tili anyamata."

Anafika kumudzi cha m'ma thili koloko. Kumadzulo kunali kutayamba kuunjikana mitambo yoyamba ya nyengoyo. Anadya buledi ndi tomato ataimirira, nasintha malaya, namanga okha mabatani onse, ngakhale la pakhosi linawavuta. Mpanda wa kumunsi kwa khola unali utagumuka malo awiri, ndipo nkhosa zinali ndi bere, zoyembekezeka kuswa pakangotha mwezi ndi theka. Anaitana galu n'kutsetsereka. Miyala ikuluikulu anaisiyira a Bainzu. Iwo anayamba ndi ing'onoing'ono, kuitembenuza m'manja kufuna mbali yokhazikika, n'kumaiika umodziumodzi.