Mchira pa Kabokosi ka Bambo Ushiyama

Apongozi anga, bambo Ushiyama, anagwira ntchito yosula zipeso zachitsulo zimene zimaliza nyimbo m'timabokosi toimba kuno ku Suwa, m'dziko la Japan, mpaka maso awo atachita chidima. Atapuma pantchito anapanga kamodzi kawokawo, ka thabwa lakuda, ndipo atamwalira kabokosiko kanaikidwa pa guwa la m'nyumba lokumbukira akufa, pambali pa chithunzi chawo. M'mawa uliwonse akazi awo, amene tonse timawatcha amayi, ankayatsa lubani, kupukusa kiyi, n'kugwada. Nyimbo inkayamba ndi mphamvu, kenako n'kumafooka pamene sipuling'i ikumasuka, mpaka liwu lomaliza linkachita kudikiritsa. Ikatha amayi ankati, "Agona," n'kudzuka kukaphika mpunga.

Nyamakazi itagwira zala zawo, mkazi wanga Mitsue ndiye ankapita kukawapukusira kiyiyo asanalowe ku fakitale. Koma mlongo wake wamkulu, Katsuhiko, yemwe amakhala ku Tokyo, ankafuna kuti amayi asamukire kwake. Mitsue sankafuna n'kumva komwe. Amayi okha anali asananene mbali yawo.

M'chilimwe Katsuhiko anatenga kabokosiko, amvekere akukakatsukitsa kuti kadzakhale koyera pa mwambo wokumbukira chaka cha maliro. Anabwera nako m'nyengo yachisanu, tsiku la mwambolo. Wansembe atapita, abale atabalalika, tinatsala anayi, miyendo ili pansi pa tebulo lalifupi lokhala ndi chotenthetsera kunsi kwake. Apo ndi pamene anamasula nsalu imene anakakulungamo.

Kumbuyo, pamene panali kiyi, panatuluka chingwe.

"Achimwene," anatero Mitsue, "mchirawu ndi wa chiyani?"

"Ndi magetsi. Muli kamota. Amayi azingodina apa basi, osavutitsanso munthu."

"Ndani anakudandaulirani kuti akuvutika? Ine?"

"Iwe sudandaula, umangotupa. Nkhope yako tonse timaiwerenga."

"Mumaiwerengera kuti, poti mumabwera kawiri pachaka ngati wogulitsa mankhwala?"

Katsuhiko anaika kabokosiko pa guwa, n'kulowetsa chingwe kukhoma, n'kudina.

Nyimbo inali yomwe ija, koma inkathamanga. Mawu ankapondana ngati ana otuluka m'kalasi. Pamene bambo anasiya mpata woti munthu apume, panalibenso mpata. Inafika kumapeto, n'kuyambiranso, liwiro lomwelo.

Mitsue anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. "Bambo akuthamangira sitima yanji?"

"Kwathu kanaimba bwinobwino," anatero Katsuhiko. Kenako anamenya bondo lake. "Ndi magetsi a kuno! A kuno amagunda mofulumira kuposa a ku Tokyo. Kamotaka n'ka ku Tokyo."

Zimenezo n'zoona, ndipo palibe wa kuno amene sazidziwa. Wotchi yamagetsi yogula ku Tokyo ukabwera nayo kuno imakudzutsa kusanache. Katsuhiko anabadwira m'nyumba yomweyo. Komanso wakhala ku Tokyo theka la moyo wake, ndipo munthu amaiwala. Ndakhala ndikuganiza za nkhope yake ya tsikulo, koma mpaka lero sindinganene ngati kumenya bondo kuja kunali koona.

Mitsue sanakayike ngati ine.

"Munadziwa! Mwapanga dala kuti kaziimba bwino kwanu kokha!"

"Wapenga iwe? Ndingawononge chinthu cha bambo dala?"

"Sipuling'i ili kuti?"

"Inachita dzimbiri. Mmisiri anaitaya."

"Dzimbiri! Imene ndakhala ndikuipukusa ndi manja angawa? Dzimbiri lili m'mutu mwanu, achimwene."

"Uzilankhula bwino. Mwana woyamba m'nyumba muno ndine, ndipo guwali n'langa kulisamala."

"Mwana woyamba anali kuti pamene ndinkawasintha bambo zofunda?"

Nthawi yonseyi kabokosi kankaimbabe. Ndinaona kuti ndiyenera kunenapo kanthu. "Alamu, Mitsue, taimani kaye. Kuno ndi ku Suwa. Amisiri ali khomo ndi khomo. Angabwezeremo sipuling'i ina, kapena kusintha kagudumu kamodzi kuti liwiro likhale la kuno."

"Ayi."

Anali amayi. Chiyambireni anali asanachotse maso pa chithunzi.

"Bambo anu anawang'amba kamodzi kuchipatala. Ku Tokyo awang'ambanso kachiwiri. Kachitatu sindilola." Anatembenukira kwa mwana wawo wamwamuna. "Katsuhiko, ukuti kwanu kamaimba monga kale?"

"Ndithu amayi, ndinakamva ndi makutu anga."

"Ndiye ndipita kumene kamaimba bwino."

Mitsue anawayang'ana nthawi yaitali. "Amayi, mukutsatira chingwe?"

"Ndikutsatira bambo ako."

"Pitani. Mukadye nawo magetsiwo." Mitsue anatuluka osavala chikhoto, ngakhale kunja kunkagwa chipale chofewa.

Amayi anasamuka chisanu chitatha, pamodzi ndi guwa. Katundu ndinanyamula ndine. Mitsue sanabwere ku siteshoni, ndipo m'nyumba mwathu dzina la Katsuhiko linaleka kutchulidwa.

Patapita milungu ingapo, Lamlungu masana tikudya, foni inalira. Mitsue ndiye anayankha. Katsuhiko amalankhula mokweza, moti ndinkamva zonse ndili pa tebulo.

"Iwe Mitsue, ulankhule ndi amayi."

"Adwala?"

"Sakudya m'mawa. Akayatsa kabokosi kaja amagwada pomwepo mpaka dzuwa kufika pamutu. Maondo atupa."

"Kodi sikakuimba bwino?"

"Kakuimba bwino kwambiri! Koma akuti akudikira kathe. Ndawauza kuti ka magetsi sikatha kokha, angodina. Akuti sangawatseke pakamwa amuna awo ali pakati polankhula."

"Ndiye dinani inuyo."

"Mkazi wanga anayesa. Amayi sanamulankhule mpaka mawa lake. Ine ndikayandikira amandigwira dzanja. Iweyo amakumvera, uwauze."

"Amandimvera? Akanandimvera bwenzi ali kuti lero?"

"Usayambe zimenezo. Ndi amayi akonso."

"Ndi amayi anga, inde. Ndinkawagonekera bambo m'mawa uliwonse, iwo n'kudya mpunga wawo. Mchira munaika ndinu, mwana woyamba. Kokani nokha."

Anabwezera foni mwamphamvu mpaka belu lake linalira. Anadzakhala pansi, n'kutola timitengo take todyera, koma mbale sanaikhudze.

"Sitima ya ku Tokyo imakhalapo madzulo," ndinatero mosamala.

"Ndakufunsani?"

Ndinapitiriza kudya. Foni inaliranso. Mitsue anangoiyang'ana, manja ali pa tebulo, ndipo inalira mpaka inaleka yokha.