Pansi pa Mapazi a Mtendere

Dorica anabwera ku Glasgow kudzaphunzira za zithunzi zakale za ku Ulaya, zija ankajambula kudenga kwa nyumba za mafumu nkhondo ikatha. Tsiku ndi tsiku ku yunivesite ku Hillhead ankayang'ana m'zithunzimo mkazi mmodzi yemweyo, wotchedwa Mtendere: wonenepa bwino, nthambi ya azitona kumanja, kumanzere muuni wootchera malupanga ndi zishango.

Mwamuna wake, Spencer, anamutsatira pa viza yake. Chaka chisanathe anapereka mimba kwa Lucia, mtsikana wa m'kwaya ya kutchalitchi kwawo.

Loweruka lina masana a Kalekeni, mkulu wa mpingo, anakwera masitepe a nyumba yawo ku Govanhill kudzawayanjanitsa. Spencer anakhala pakona atazyolika. Patebulo panali mapepala a Dorica, ndipo mkuluyo anatolapo chithunzi chimodzi.

"Mwaona, mayi? Ngakhale azungu ankadziwa kuti mtendere ndi munthu wamkazi. Banja ndi kupirira."

"Taonani pansi pa mapazi ake, bambo," anatero Dorica. "Waponda munthu pakhosi. Zithunzi zonsezi n'chimodzimodzi, pamakhala wina wogona pansi, kukamwa kuli yasa."

A Kalekeni anabweza pepalalo. "Sindinabwerere zithunzi ine. Mukamusiya bamboyu amubweza kumudzi. Ndiye Mwai akule wopanda bambo?"

Mwai, mwana wawo, anali kuchipinda akuonera makatuni, ndipo kuseka kwake kunkamveka kukhoma. Dorica anafuna kufunsa kuti nanga wa Lucia akula ndi yani. M'malo mwake anapereka dzanja. La Spencer linali lathukuta. Mwiniwakeyo sanapepese, anamupepesera ndi a Kalekeni m'pemphero.

Lamulungu kutchalitchi anamuimika Dorica kutsogolo, amayi akuimba nthungululu, ati mkazi wachitsanzo. Spencer anapumitsidwa m'kwaya mwezi umodzi. Lucia anauzidwa kuti asadzapondenso pakhomo pa tchalitchi.

Kuzizira kutafika, Dorica anakumana naye Lucia pamalo odikirira basi mu Victoria Road. Jekete linali litakana kutseka pamimba, ndipo jumbo ya zogula inkamudula zala. Anayang'anizana osapatsana moni. M'basi munali modzaza, mpando wotsala unali umodzi, ndipo Dorica anakhalapo. Lucia anaimirira pambali pake atagwira chitsulo, mimba ikugunda phewa la Dorica basi ikakhota.

Dorica anatsika asanafike kwawo, nayenda wapansi mumvula.