Madzi Amene Amayi Anandituma

Maloto a dzana sakundichoka m'mutu. Ndinalota ndili pagombe la nyanja yamchere ku Durban, pakati pa miyala ikuluikulu yakuda. Mchenga unali wozizira ngati simenti, mafunde akugubuduka opanda phokoso. Alendo ankajambulana atafulatira madzi. Malemu mayi anga anali atakhala pamwala, akusenda chinangwa.

"Madzi anga aja watunga?" anandifunsa osandiyang'ana.

Ndinaviika botolo, koma munkangolowa mchenga. Sindinachite mantha, sindinamvenso chisoni.

Amayi anandituma madziwa ndikupita ku Joni, kuti adzathowere miyendo yawo yotupa. Ndinatungadi, koma ndinafika atayikidwa kale. Kaya malotowa akutanthauza chiyani. Botololo lili kuseri kwa chitseko. M'mawa uliwonse ndimalisuntha posesa, n'kulibwezera pomwepo.